Katundu wa ku Phili la Kilimanjaro

Mwana wanga wamkazi anandiimbila foni ndili pakhonde, ndikusenda mtedza. Iye amagwila ntchito ku Lusaka, ndipo kumeneko analowa gulu la azimayi amene amakonda kukwela mapili masiku opuma. Tsikulo sanataye nthawi ndi moni wautali.

"Amama, mukukumbuka kuti tikukakwela phili lalitali lija la ku Tanzania? Mnzathu mmodzi wapezeka ndi pakati, sapitanso. Malo ake alipo, zonse zinakonzedwa kale. Tiyeni tipite tonse."

Ndinaseka mpaka mtedza unatayikila pansi. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwili, ndipo kunja kwa Zambia ndinali nditangofikako ku Mzimba kokha, ku malilo a achibale.

"Iwe mwana, wasowa anzako ku Lusaka konseko?"

"Anzanga ambili amatopa ndi masitepe a mu ofesi. Inu munayenda wapansi zaka zonse zija, pa mvula ndi pa dzuwa."

Pamenepo sananame. Ndinaphunzitsa pa sukulu ina ya ku Mphamba mpaka kupuma pa ntchito, ndipo njinga ndinaiphunzila mochedwa, sindinaizolowele konse. Koma timapili ta kwathu kuno ku Lundazi munthu amakwela ndi kutsika dzuwa lisanatenthe. Ndinamuuza kuti ndiyamba ndalankhula ndi adada ake.

Amuna anga ndinawapeza ku nazale ya fodya, akuthilila. Anamvetsela osaika keni pansi. Nditamaliza anati, "Pitani, amake mwana. Mukakana, ine ndi amene ndidzavutike, chifukwa mudzakhala mukuidandaula nkhani imeneyi chaka ndi chaka."

Panali masabata asanu ndi awili kuti tinyamuke. Pasipoti ndinali nayo kale, mwana yemweyo ndiye anandikakamiza kuitenga zaka za m'mbuyo, ndipo inkangogona m'kabati. Jekiseni ija amafuna pa malile ndinakabayitsa ku Chipata, n'kubwela ndi khadi lake lachikasu. Zimenezo sizinandivute. Chimene chinandivuta chinali katundu.

Mwanayo anatumiza pa foni mndandanda wautali wa zofunika kutenga. Ndinawelenga mizele ingapo yoyamba, n'kuona kuti akundiphunzitsa ntchito imene ndinaidziwa iye asanabadwe. Ndinatsitsa sutikesi yanga yaikulu pamwamba pa kabati, ndi kulongedza monga ndimachitila popita ku ukwati kapena ku msonkhano wa mpingo. Ndinaikamo zitenje zisanu ndi chimodzi, madilesi atatu, nsapato za ku tchalitchi, bulangete lolemela lija la maluwa, thaulo lalikulu, sopo wochapila, ka beseni kakang'ono, ndi thumba la mtedza loti ndikagawile anthu a kumeneko. Ndinakhala pamwamba pa sutikesiyo kuti itsekeke. Kenaka ndinaijambula ndi kumutumizila, mtima uli mbee.

Foni inalila nthawi yomweyo.

"Amama, chimenecho n'chiyani?"

"Katundu wanga."

"Kodi munawelenga mpaka pansi? Kuphili kulibe galimoto. Katundu amasenza anthu pamutu, ndipo salola chikwama cholemela kupitilila makilo khumi ndi asanu. Sutikesi salola n'komwe. Ndikutumizilani chikwama chofewa pa basi."

Amuna anga, amene ankamva zonse, ananyamuka. Anapita kuchigafa n'kubwela ndi sikelo yawo yopachika imene amayezela fodya ndi chimanga. Anaimangilila pa nthambi ya mango, n'kukoleka sutikesi yanga ndi chingwe. Muvi wa sikelo unazungulila mpaka kudutsa makilo makumi atatu. Anauyang'ana, n'kundiyang'ana ine, kenaka anauyang'ananso.

"Beseni ndi lachiyani?" anafunsa.

"Nanga ndikasambila m'chiyani?"

Madzulo amenewo ndinavala magalasi ndi kuwelenga mndandanda wonse, mzele ndi mzele, monga ndinkauzila ana a sukulu kuti aziwelenga mafunso a mayeso. Ndinachita manyazi. Pa zonse zimene ndinalongedza, zolembedwa pa mndandanda zinali thaulo ndi sopo basi, ndipo thaulolo linkayenela kukhala laling'ono. Ankafuna jekete yochindikala, jekete ina ya mvula, mabuluku ofunda, masokosi aubweya ambili, magolovesi, chipewa chophimba makutu, tochi yovala pamutu, ndi nsapato zolimba zofika m'kakolo. Pa nsapatopo anachita kulemba ndi zilembo zazikulu kuti ndiyambe kuzivala msanga, ndiziyenda nazo tsiku lililonse.

Zogonela ndi tochi anati agula yekha ku Lusaka. Zovala ndinakasaka pa salaula, pogulitsa zovala zovalidwa kale, ku boma. Unali mwezi wa Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuyenda mobisala m'mithunzi ya mashopu. Mayi wina amene amagulitsa majekete anandipatsa moni wachiTumbuka, ndipo nditamuuza chimene ndikufuna anakafukula pansi peni peni pa mulu, pomwe panali zotsala za mu Juni. Ndinavala jekete yofufuma ngati mtsamilo, n'kuvalanso chipewa chaubweya ndi magolovesi kuti ndione ngati zikundikwana. Thukuta linatsika m'msana. Azimayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo.

"Amama, kodi ndi malungo?" anafunsa mmodzi.

"Ayi, ndikupita kozizila."

"Ku Mzuzu?"

Nditatchula dzina la phililo, anayang'anana. Wina anati iye anaona pa TV kuti kumeneko madzi amauma ngati mwala. Wogulitsa jekete uja anandisankhila yekha masokosi, akutambasula limodzi limodzi pa dzuwa kuti aone mabowo.

Nsapato ndinazipeza pa benchi ina, kwa bambo amene anaziyala pa thumba la saka. Zinali zachikopa, zofiilila, zooneka ngati mwini wake woyamba anangozivala kamodzi n'kuzisunga. Ndinazikonda pomwepo. Ndinaganiza zozisunga m'kabati mpaka tsiku la ulendo kuti zisathe, ndipo kunena zoona ndinazisungadi masiku anayi. Tsiku lachisanu mwana wanga anafunsa pa foni ngati zikundiluma, ine n'kuyankha kuti ayi, sizikuluma.

"Simunazivale, si choncho?"

M'mawa mwake ndinazivala. Kuphili munthu amasenza yekha kachikwama kakang'ono ka kumbuyo, ka madzi ndi jekete ya mvula, choncho amuna anga anathila chimanga m'kachikwama kotelo kuti msana uzolowele. Ndinkadzuka kukangoyela, n'kuyenda msewu wa fumbi wopita cha ku Mphamba, kudutsa pa dambo, kukakhota pa mjigo, ndi kubwelela dzuwa lisanakwele. Masiku oyamba anthu ankaima ndi njinga zawo. Mayi wachikulile, buluku, nsapato za asilikali, chikwama kumbuyo! Mnzanga wina wa ku kwaya anandipeza pa mlatho, n'kundigwila dzanja ndi nkhope yachisoni.

"Mwayambana ndi abambo kunyumba? Tiyeni mukakhale kwathu kaye, tikambilane bwino."

Ndinamasula zipi ndi kumuonetsa chimanga. Anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo Lamulungu lotsatila mpingo wonse unali utadziwa.

Sabata yoyamba zidendene zinatuluka matuza. Ndinaphunzila kuvala masokosi awili, lopyapyala mkati, lochindikala kunja, ndi kupaka mafuta odzola pomwe pankakhuzika. Sabata yachitatu matuza anauma, chikopa cha nsapato chinafewa, ndipo ndinayamba kuukonda ulendo wa m'mawawo. Ndinkaonjezela mtunda pang'ono pang'ono.

Tsiku lina, kutatsala masabata awili okha, ndinali pobwelela, kutali ndithu ndi kunyumba. Ndinamva phazi lamanzele likulila phwa, phwa, ngati ndavala patapata. Nditayang'ana, soli ya nsapato inali itayasamula kukamwa kuyambila ku zala mpaka pakati. Ndinayenda mapazi khumi, yonse inathothoka n'kutsala pa msewu. Ndinaitola. Mkati mwake munali ngati buledi wouma, ukakhudza n'kumafumbutuka. Ndinapinda nsapato inayo ndi manja, nayonso inayamba kung'aluka.

Ndinakhala pa chulu m'mbali mwa msewu, soli ili m'manja, misozi ili pafupi. Ndinakwiyila wogulitsa nsapato uja, ndinakwiyila mwana wanga, ndinadzikwiyila ndekha chifukwa chovomela zinthu za achinyamata. Ndinabwelela kunyumba motsimphina, phazi limodzi lalitali, lina lalifupi, nditatsimikiza kuti ulendo wathela pomwepo. Nsapato zina zoti ndizizolowele m'masabata awili ndikanazipeza kuti?

Amuna anga anaitembenuza nsapatoyo kangapo, akukanda ndi chikhadabo.

"Yathothokela pati?"

"Kupitilila mjigo."

"Ndiye mukulila chiyani? Ikanathothokela kuphili kuja mukanatani? Kuno kuli anthu osoka."

Ndinali ndisanaganize zimenezo. Ndinadziona ndili pamwamba pa miyala yozizila, m'dziko la eni, phazi lili ndi sokosi lokha, gulu lonse litaima chifukwa cha ine. Ndinakumbuka kuti ndinkafuna kuzisunga m'kabati mpaka tsiku lonyamuka. Kenaka mtima unatsika. Ndinamwa madzi makapu awili.

Masana omwewo tinapita ku boma. Pafupi ndi msika pali mkulu wina wosoka nsapato, amene wakhala pansi pa mtengo womwewo kuyambila ana anga ali ku pulayimale. Anayang'ana nsapatozo n'kupukusa mutu.

"Izi zinakhalitsa m'nyumba osavalidwa. Chikopa n'chabwino, koma mphila wake unafa kale. Mukupita nazo kumunda?"

Nditamufotokozela, anavula magalasi. Anafunsa ngati kuli miyala, ngati kuli matope, ndi masiku angati. Anati guluu yekha sangamukhulupilile pa ulendo wotelo. Anachotsa zonse zofumbutuka, anadula soli zatsopano za mphila wokhala ndi mano, anamata, kenaka anasoka kuzungulila ndi ulusi wopaka phula, mizele iwili. Zinamutengela masiku atatu. Pondipatsa anati, "Muyende nazo mawa lomwe, mudutse dala m'madzi. Ngati pali polakwika, tipaone muli konkuno." Ndinadutsa nazo pa dambo pomwe pamakhala chinyontho chaka chonse, ndi kuzipondetsa pa miyala mwankhanza. Sizinasunthe.

Chikwama chofewa chija chinafika pa basi, ndipo kulongedza kwachiwili kunatenga masiku. Ndinayala mphasa m'chipinda chochezela ndi kuika chilichonse poyela. Ndikaika m'chikwama, timapita pa mtengo wa mango kukayeza, kenaka n'kubwela kudzachotsa. Bulangete linatsala. Madilesi anatsala, kupatula imodzi yovala m'ndege. Mtedza ndinaukazinga ndi mchele, n'kutengako wokwana m'mabotolo awili apulasitiki. Pa zitenje tinakangana ndi mwana wanga.

"Amama, chitenje kuphili n'chachiyani?"

"Ine sindinayendepo ulendo wopanda chitenje. Chimodzi chokha ndikutenga, unene usanene."

Anagonja. Mankhwala anga a BP anati ndisawaike m'chikwama chachikulu, azikhala pathupi panga limodzi ndi pasipoti ndi khadi lachikasu, poti chikwama chikhoza kutsalila m'njila. Ndinasoka kathumba kansalu kovala m'khosi.

Tsiku lomaliza amuna anga anabwela ndi pulasitiki yochindikala yotsala ku nazale, ataitsuka bwino. Anaidula zidutswa, n'kukulunga zovala zanga m'timitolo, masokosi paokha, mabuluku paokha, jekete payokha, mtolo uliwonse womanga ndi mphila wa chubu cha njinga. Ndinawauza kuti chikwamacho analemba kuti sichilowa madzi.

"Ndamva," anatelo, akupitiliza kumanga. "Chigafa changanso sichidontha, koma fodya ndimamuphimba."

Ndinakwela minibasi ya ku Chipata, kenaka basi ya ku Lusaka, komwe ndinakumana ndi mwana wanga ndi anzake asanu. Za m'ndege sindinena zambili. Ndinagwila dzanja la mwanayo ponyamuka ndi potela, pakatipo ndinagona.

Pa chipata cholowela kuphili anayeza zikwama zonse. Azimayi awili a m'gulu lathu anauzidwa kuti achotse zina, ndipo anagwada pa udzu akufukula zovala zawo pamaso pa anthu. Changa chinadutsa osanenedwa kanthu. Ndinaima pambali manja ali kumbuyo, ngati mwana wakhoza mayeso.

Tsiku loyamba tinayenda m'nkhalango ya mitengo italiitali yomela ndele. Cha m'ma 2 koloko masana mvula inayamba, osati ya mkuntho ngati ya kwathu, koma yosalekeza, yolowa paliponse. Njila inasanduka phala. Wotitsogolela, bambo wa ndevu za imvi wolankhula Chingelezi chapang'onopang'ono, ankangobweleza mawu a Chiswahili akuti pole pole, kutanthauza kuti tisafulumile. Tinafika pogona titanyowa ngati nkhuku. Onyamula katundu anali atafika kale ndi kukhoma matenti, koma mvula inawapeza m'njila iwonso. Mwana wanga atatsegula chikwama chake, anapeza madzi atalowela pa zipi. Theka la zovala zake linali chinyontho chokhachokha, masokosi onse atanyowa.

Ine ndinamasula mphila wa chubu pa kamtolo koyamba. Masokosi anali ouma, ofunda, akununkhila pang'ono fodya wa kwathu. Ndinamupatsa mapeya awili. Anawavala, kenaka anati, "Musakawauze adada, adzanyada mpaka Khisimasi." Anzake aja anabwela kudzaona timitolo tanga, wina n'kutijambula.

Chitenje chinagwila ntchito kuposa zonse. M'mawa chinali mpango wa m'khosi, masana chophimba mphuno ku fumbi titatuluka m'nkhalango, ndipo pomwe panalibenso tchile lobisalako, azimayi tonse tinkasinthana kugwililana ngati khoma. Mtedza tinkadya popuma, ndipo onyamula katundu anaukonda kwambili moti botolo loyamba linatha tsiku lachiwili.

Kuyambila tsiku lachitatu mitengo inatha. Kunali miyala, mphepo, ndi mitambo pansi pathu. Miyendo yanga inalibe vuto, mapazi analibe ngakhale thuza limodzi. Chimene sindikanatha kuchikonzekela ku Lundazi chinali mpweya. Mutu unayamba kuwawa cha kumbuyo, chakudya chinasiya kukoma, ndipo kungomanga zingwe za nsapato kunkandipumitsa wefuwefu. Tsiku lachinayi ndinasanza kawili m'njila. Tsiku lachisanu masana tinafika pa msasa womaliza, pomwe anthu amanyamukila kupita pansonga. Wotitsogolela anandipana chala ndi kachipangizo kake koyezela mpweya m'magazi, anayang'ana, n'kuyezanso chala china. Kenaka anandiuza kuti ndiyende molunjika pa mzele umene anajambula pansi ndi ndodo. Ndinaphonya.

Anakhala pa mwala pafupi nane. "Mama, mwayenda bwino kwambili. Koma kumwamba kuja sindikutengani. Mutsike lelo lomwe, dzuwa likadalipo. Mukatsika, mutu usiya."

Ndinayembekezela kuti ndimva chisoni kapena manyazi. M'malo mwake ndinamva ngati munthu wanditula mtolo wa nkhuni. Kwa masiku awili ndinali ndikudzifunsa kuti ndimuuza bwanji mwana wanga kuti sindingathe, ndipo tsopano wina anali atanena m'malo mwanga.

Mwanayo anayamba kulila. "Nditsika nanu, amama. Ndine ndinakubweletsani kuno."

"Iwe upita," ndinatelo. "Ine ndafika pomwe sanafikepo munthu aliyense wa kwathu amene ndimamudziwa. Ukatsika nane ndiye ndikwiya."

Ndinamupatsa magolovesi anga kuti avale pamwamba pa ake, ndi botolo la mtedza lotsala. Mmodzi wa othandiza wotitsogolela, bambo wodekha wa msinkhu wa mng'ono wanga, ananyamula kachikwama kanga, ndipo tinayamba kutsika. Titayenda maola awili, ndinazindikila kuti ndikupuma osaganizila za kupuma. Titafika pomwe tchile limayambilanso, mutu unali utapepuka, ndipo ndinamva njala yeniyeni koyamba m'masiku atatu. Pa msasa wa m'munsi anandipatsa supu ndi mbatata, ndinadya n'kupempha zina.

Tsiku lotsatila ndinalithela nditakhala pa benchi, maso ali ku njila yotsika kuphili. Magulu ankafika amodzi amodzi, ena akuimba, ena akukokedwa. Ndikaona wovala jekete yofiila ngati ya mwana wanga ndinkaimilila, poganiza kuti ndi iye. Bambo amene ananditsitsa uja ankandiuza kuti nthawi idakalipo, koma ine ndinali nditayamba kale kupemphela mobweleza mawu amodzimodzi. Dzuwa litapendeka ndinamuona mwanayo, ali kumbuyo kwa anzake, akutsimphina, milomo itang'ambika, nkhope itada ndi mphepo. Anandiona, n'kukweza ndodo zake zoyendela zonse ziwili m'mwamba.

Anakhala pansi pafupi ndi miyendo yanga, natulutsa foni kuti andionetse chithunzi cha pansonga. Anayamba kufotokoza za chisanu, mawu akutuluka mokoka, ndipo asanamalize anali atagona, mutu uli pa bondo langa, foni ili m'manja. Ndinaisolola pang'onopang'ono. Pamalopo netiweki inkagwila, choncho ndinaimbila kunyumba.

"Tatsika tonse awili," ndinatelo. "Mwana wanu wafika pamwamba. Ine ndinabwelela panjila."

"Muli bwino koma?"

"Tili bwino."

Ndinawamva akupuma mpweya wautali. Kenaka anandiuza kuti ku Lundazi mvula yoyamba inagwa dzulo lake, yambili ndithu, ndipo anthu ayamba kale kufunsana za mbewu. Ndinawauza kuti asabzale mtedza ndisanafike, chifukwa iwo amatalikitsa mizele.